Achemwali afunsa: kodi chinyumba cha simenti chimenechi ndiye sukulu yotchuka ija?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena, mphunzitsi wa pa CDSS ina chigawo chapakati, ndiye ndati ndiyankhe pompano chifukwa funso lawo ndi lomwe ambiri mumandifunsa ku inbox. Dzina sinditchula. Mwachidule analemba kuti apeza malo okachita masitazi ya maphunziro ku IOE (Institute of Education, sukulu ya zauphunzitsi), ku UCL (University College London) ku London, komanso apeza malo ku yunivesite ina ya kunja kwa London yomwe pa zithunzi ikuoneka yokongola heve, kapinga ponseponse, nyanja yaing'ono pakati, mitengo. Ndiye atalowa pa Google kuti aone IOE, anangoona chinyumba chachitali chotuwa cha simenti chili m'mbali mwa msewu, opanda geti, opanda mpanda, opanda bwalo la mpira. Funso lawo linali loti: "Achimwene, kodi kampasi yake ndi imeneyi basi? Munthu amawerengera pati, amagona kuti, amadya kuti, amapemphera kuti? Kapena ndingosankha inayo?"

Achemwali, choyamba zabwino zonse, kupeza malo pamenepo si masewera. Chachiwiri, inde, chinyumba mwaonacho ndi chomwecho, simunalakwitse adilesi ayi. Ndi 20 Bedford Way, dera la Bloomsbury. Ndipo ndikumvetsa kukhumudwa kwanuko, chifukwa ife mutu wathu unazolowera Chanco. Ukamva mawu oti yunivesite umaona Chirunga, Great Hall, phiri la Zomba lili kumbuyoko, anthu atakhala pansi pa mitengo. Kapena ngati munadzera ku Domasi mumaona malo aphee, otalikirana ndi phokoso la tauni. Ndiye kuona sukulu ili ngati maofesi a boma, moyang'anana ndi hotela, mabasi ofiira akudutsa, mtima umakana. Koma ndikupempheni kuti musasankhe sukulu ndi maso okha, makamaka pa digiri ya chaka chimodzi. Mundilole ndifotokoze bwinobwino.

Sukulu imeneyi inayamba mu 1902, dzina lake panthawiyo linali London Day Training College, ntchito yake kuphunzitsa aphunzitsi a sukulu za mu London momwemo, tingoti inali TTC. Mkulu wake woyamba anali John Adams, dzina limeneli mulisunge tilipeza kutsogoloku. Mu 1932 inasanduka Institute of Education pansi pa University of London, ndipo kumapeto kwa 2014 inaphatikizana ndi UCL. Kuyambira 2014 inatuluka nambala wani pa dziko lonse pa maphunziro a zauphunzitsi pa mndandanda wa QS, bungwe losanja mayunivesite, kwa zaka zoposa khumi motsatizana. Ine zamindandanda sindizitengera pamtima kwenikweni, koma ndikutchula kuti mudziwe kuti kutuwa kwa khomako sikukukhudzana ndi zomwe zimachitika mkatimo.

Chinyumbacho anachijambula ndi Denys Lasdun, yemwenso anajambula National Theatre ija ili m'mbali mwa mtsinje wa Thames, komanso laibulale ya SOAS, sukulu ina yomwe ili pafupi pomwepo. Chinamangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndipo anachitsegulira mu 1977. Mamangidwe ake ndi aja simenti amaisiya poyera osapaka pulasitala olo penti, dala, osati kuti ndalama zinathera panjira. Kwathu kuno nyumba ikakhala choncho timati sinathe, kontilakita anathawa, koma kumeneko inali fashoni ya nthawi imeneyo ndipo lero boma linaiika m'gulu la nyumba zotetezedwa, moti sangaigumule kapena kuisintha mwachisawawa. Ndipo pali nkhani ina: pulani yoyamba inali yoti kumbuyo kwake kukhale mapiko asanu otsika ngati masitepe, koma linamangidwa limodzi lokha. Pomanga anagwetsa nyumba zina zakale za ku Woburn Square, anthu anakwiya, ndalama nazonso zinachepa, mapiko enawo anathera pa pepala. Mukadzafika mudzazungulire kumbuyo mudzaone phiko limodzilo, kumeneko ndiye nyumbayi imaoneka bwino kusiyana ndi kumsewu komwe Google imakonda kujambula. Zaka zapitazi akhalanso akukonza mkati pang'onopang'ono, kuika malo atsopano owerengera ndi makalasi amakono, kunja kokha ndi komwe sikusintha.

Chinthu chimodzi choti mudziwiretu ndi manambala a nsanjika. Polowera penipeni, pomwe pali resepushoni, si level 1 monga mungaganizire, ndi level 4, ndipo maholo akuluakulu ali pansi, mumatsika. Ndiye tsiku loyamba mufike msanga, mufunse alonda apakhomo, musachite manyazi, wina aliyense watsopano amafunsa. Pansipo pali Logan Hall, holo yaikulu yolowa anthu pafupifupi 900, muli misonkhano ikuluikulu ndi ma lekicha a alendo. Palinso Jeffery Hall ndi Elvin Hall, zatchulidwa maina a akuluakulu omwe anayendetsapo sukuluyi kale. Koma makalasi anu ambiri a masitazi sadzakhala m'maholo amenewa. Adzakhala m'tizipinda ta anthu 20 kapena 30, matebulo oika mozungulira, nthawi zambiri madzulo chifukwa anzanu ena m'kalasimo ndi aphunzitsi a mu London omwe masana amakhala ali kuntchito. Ine chimenechi ndinachikonda kwambiri, kukhala tebulo limodzi ndi munthu woti wangochoka kumene m'kalasi mwa ana 30 akudandaula kuti achuluka, iwe nkumuuza kuti kwathu sitandade 1 imatha kupitirira ana 100 mphunzitsi mmodzi, kukambirana kwake kumakhala kwamoyo zedi.

Tsopano tibwere pa chomwe ine ndimati ndiye mtima wa malo amenewa, laibulale. Dzina lake ndi Newsam Library, kukumbukira Peter Newsam yemwe anali mkulu wa sukuluyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ili mkati mwa chinyumba chomwecho, ndipo imadziwika kuti ndi laibulale yaikulu kwambiri ya zamaphunziro mu Europe monse. Achemwali, apa ndiye ndikufuna mumvetse. Yunivesite zambiri zili ndi laibulale imodzi yomwe zamaphunziro zimangopatsidwa mashelefu angapo pakona, pafupi ndi za psychology. Apa nyumba yonse ya mabuku, nsanjika zingapo, nkhani yake ndi imodzi: kuphunzitsa ndi kuphunzira. Muli mabuku a kalikulamu, a kayendetsedwe ka sukulu, a maphunziro a ana olumala, a mayeso, a chilankhulo chophunzitsira, magazini a kafukufuku kuyambira kalekale, malipoti a maboma a mayiko osiyanasiyana, mabuku akale a ana asukulu oti ukawatsegula umaona mmene ana ankaphunzirira zaka 100 zapitazo. Muli ndi gawo la zosungidwa zakale komwe kuli makalata ndi zolemba za anthu ngati Susan Isaacs, mayi yemwe anayambitsa dipatimenti ya kakulidwe ka ana pasukuluyi mu 1933, ndi Basil Bernstein yemwe analemba zambiri za mmene chilankhulo cha pakhomo chimakhudzira mwana kusukulu. Ngati munachitako sociology of education ku koleji dzina limeneli munalimvapo, ndiye tangoganizani kuti munthuyo ankagwira ntchito pomwepa.

Ndimakumbukira mmene tinkavutikira kwathu kuno, buku limodzi kalasi yonse, kulembetsa dzina kuti ulibwereke maola awiri, kenako kuthamangira kukachita fotokope chaputala chimodzi. Ndiye tsiku lomwe ndinaima pakati pa mashelefu amenewo nkuona kuti mutu womwe ndinkaufuna uli ndi mabuku shelefu yonse, ndinakhala kaye pansi. Osati kusangalala kokha, komanso kuwawidwa mtima pang'ono poganiza anzanga omwe ndi anzeru kuposa ine koma sadzafikako. Nchifukwa chake ndimati mukapita musakawononge mwayi umenewu. Sabata yoyamba yomweyo mukapeze woyang'anira laibulale wa phunziro lanu, alipo anthu olembedwa ntchito imeneyo basi, mukhale naye pansi akuonetseni kasakidwe ka zinthu pa kompyuta. Ambiri amadikira mpaka mwezi wa Meyi disateshoni itawapana, pamenepo nthawi yatha kale.

Ndipo pali ulusi wina womwe umalumikiza sukuluyi ndi kwathu kuno womwe ambiri saudziwa. Mu 1927 anatsegula pamenepa Colonial Department, yophunzitsa anthu omwe ankapita kukayendetsa maphunziro m'mayiko olamulidwa ndi Britain, amishoni ndi aboma omwe. Taonani zaka zake: 1924 komiti ya Phelps-Stokes, bungwe la ku America, inayendera Nyasaland kuona sukulu za amishoni, 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro ku Nyasaland, 1929 sukulu ya Jeanes, yophunzitsa aphunzitsi a sukulu za kumudzi, inatsegulidwa ku Domasi. Ndi nyengo imodzi, maganizo amodzi, oti mwana wa Mwafirika aphunzire zogwirizana ndi moyo wakumudzi, ulimi, ukhondo, ntchito zamanja. Ena amati zinali zanzeru, ena amati inali njira yotitsekera pansi kuti tisafike patali. Ine ndili ndi mbali yanga pa mkangano umenewu, ndimaona kuti munthu sungasankhire mwana wa mnzako denga pomwe wako ukumutumiza ku Oxford, koma chomwe ndikunena apa nchoti mukakhala pa Bedford Way muli pamalo pomwe zina mwa nkhani zimenezi zinkaphikidwira, ndipo mutha kuziwerenga nokha osati kungomva.

Apa ndiye tifike pa funso lanu loti kampasi ili kuti. Yankho ndi loti kampasi yake ndi dera lonselo. Mukatuluka kumbuyo kwa IOE, masitepe ochepa chabe mwafika pa SOAS, sukulu yomwe ntchito yake ndi za Africa ndi Asia, laibulale yake ili ndi zambiri za mbiri ndi zilankhulo za kuno kwathu, kuphatikizapo zolemba za amishoni. Kupitirira pang'ono pali Senate House, chinyumba choyera chachitali, nayonso ili ndi laibulale yaikulu, ndipo IOE inakhalako mmenemo isanasamukire ku Bedford Way. Kuseri kwake ndi British Museum, kulowa ndi ulere. Mukayenda mphindi 15 chakumpoto mwafika ku British Library pa Euston Road, khadi yowerengera ndi yaulere, mungotenga ziphaso zanu. Ndipo ngati kafukufuku wanu akukhudza mbiri ya maphunziro m'nthawi ya Nyasaland, makalata a pakati pa Zomba ndi London ali ku National Archives ku Kew, mumakwera sitima ya District line. Tandiuzeni, ndi kapinga uti angakupatseni zonsezi?

Olo kapinga amene, alipo. Russell Square ili pakona pomwepo, Woburn Square, Gordon Square, Tavistock Square komwe kuli chiboliboli cha Gandhi atakhala pansi. Ndi timapaki ting'onoting'ono ta mitengo ikuluikulu ndi mabenchi, dzuwa likangowala ophunzira onse amakhamukira kumeneko ndi chakudya chawo. Nyumba zakale zozungulira mabwalo amenewa zambiri ndi za yunivesite, mwachitsanzo Thomas Coram Research Unit yomwe imafufuza za ana ndi mabanja, ndi Centre for Longitudinal Studies. Iyi yachiwiriyi imandichititsa chidwi mpaka lero. Amatsatira anthu masauzande omwe anabadwa sabata imodzi mu 1958, ena mu 1970, komanso ena obadwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kuwafunsa mafunso zaka ndi zaka kuti aone kuti sukulu, umphawi ndi banja zimamufikitsa pati munthu. Ndimaganiza, kwathu kuno ana omwe analowa sukulu mu 1994 pomwe pulayimale inakhala yaulere, chiwerengero nkudumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, bwenzi titawatsatira chonchi bwenzi lero tikudziwa zambiri zoti ndani anapitirira, ndani anasiyira panjira, ndipo chifukwa chiyani. Mwina inu ndi amene mudzabwere ndi maganizo otere.

Popeza IOE ili pansi pa UCL, khadi yanu ya sukulu imatsegulanso zitseko za UCL yonse. Chofunika kwambiri kwa inu ndi Student Centre pa Gordon Street, inatsegulidwa mu 2019, malo owerengera pafupifupi 1,000, yotsegula usana ndi usiku. Nthawi ya ma asayimenti mudzaithokoza. Muli makompyuta, malo obwereka lapitopu, tizipinda tokambirana pagulu, mabafa, komanso zipinda zopemphereramo ndi posambira Asilamu asanapemphere. Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi kuti musadzadzidzimuke: pansi pomwepo m'bokosi lagalasi muli Jeremy Bentham, katswiri wa nzeru zakuya yemwe anamwalira mu 1832 ndipo anasiya mawu oti thupi lake lisungidwe. Mafupa ake anawaveka zovala zake, mutu ndi wopanga, wakhala pampando. Anthu amangodutsa ndi khofi m'manja. Kwa ife olemekeza manda zimatenga nthawi kuti uzolowere, ine ndinkadzera mbali ina masabata oyamba.

Intaneti musadere nkhawa, wifi ya eduroam ili paliponse m'nyumba za yunivesite, za bandulo muiwale. Zowerenga za kalasi amaika pa tsamba la pa intaneti lotchedwa Moodle, kupulinta mumagwiritsa khadi yanu yomweyo. Mapulagi a magetsi ndi ofanana ndi athu, a mano atatu aja, ndiye tchaja chanu chikagwira bwinobwino.

Zogona ndiye nkhani yomwe ndikufuna muiganizire mofatsa, chifukwa apa ndi pomwe yunivesite inayo ikhoza kupambana. Pali John Adams Hall pa Endsleigh Street, hositelo yomwe kale inali ya IOE, kuyenda wapansi mphindi zochepa kufika m'kalasi, ndipo UCL ndi University of London ali ndi mahositelo ena m'dera lomwelo. Koma malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, ndipo lendi pakati pa London ndi yowawa kwambiri. Lembetsani tsiku lomwe atsegula, musadikire viza. Mukalephera mudzakhala kutali nkumakwera sitima kapena basi tsiku lililonse, ndalama ya thiransipoti nayo imaluma. Ine ndinayamba ndakhala kwa landilodi wina kutali ndithu, chipinda chozizira, hita amayatsa maola owerengeka, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ndalama yomwe ndinkati ndikupulumutsa pa lendi inkathera m'sitima. Ndiye musatumize dipoziti kwa munthu wa pa Facebook musanaone chipinda kapena kutuma munthu wodalirika, achinyengo alipo ambiri ndipo amasaka ife obwera kumene. Ngati muli pa sikolashipu ngati Chevening kapena Commonwealth, ndalama ya mwezi ya okhala mu London imakhala yokwererapo kusiyana ndi ya kunja kwa London, komabe muwerengetse bwino. Ngati mukudzilipirira nokha kapena ndi ngongole ya pabanja, pamenepo ndikuuzani mosabisa kuti kusiyana kwa lendi kungakhale chifukwa chokwanira chosankhira inayo, ndipo palibe cholakwika.

Kudya, mkati mwa chinyumbacho muli kantini ndi pogulitsira khofi, koma kugula tsiku lililonse simungakwanitse. Phikani kunyumba mutenge m'kontena, ma microwave alipo m'malo a ophunzira. Ufa umapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa, ku Brixton, ku Peckham, pa msika wa Ridley Road ku Dalston, si ufa woyera wa kwathu weniweni koma nsima imaphikika. Pafupi ndi sukulu pali Brunswick Centre pomwe pali supamaketi. Kupemphera, ngati ndinu a Katolika pali Newman House pa Gower Street yomwe imasamalira ophunzira. Ngati ndinu a CCAP mudzamva kukhala kwanu ku Crown Court Church of Scotland ku Covent Garden, mapemphero ake ndi ofananako ndi athu poti muzu wake ndi umodzi. A Baptist ali ndi tchalitchi chawo ku Bloomsbury komweko. Ndipo Amalawi mu London alipo ndithu, mukangopeza mmodzi akulowetsani m'magulu a WhatsApp.

Ndikanakhala inu, ndikanatseka zithunzi zonse ziwirizo nkutsegula masamba a madipatimenti. Ndani akuphunzitsa kosi yanuyo, analembapo chiyani, alipo yemwe wagwirapo ntchito ku Malawi kapena mayiko oyandikana nafe, ma module ake akuyankha vuto lomwe mumakumana nalo pa CDSS panupo? Chifukwa chaka chake nchachifupi zedi. Mumayamba kumapeto kwa Seputembala, pofika Disembala kunja kumada cha m'ma 4 koloko madzulo ndipo kumazizira moti kapinga wokongola uja palibe amakhalapo, Januwale ma asayimenti, kenako disateshoni mpaka Seputembala winayo, basi mwabwerera. Maola anu ambiri adzathera pa tebulo la mu laibulale ndi mu ofesi ya supavaiza wanu. Nyanja ya pa chithunzi ija mudzaiona podutsa.

Chomaliza, katundu woti munyamule. Laibulale ya kumeneko ndi yaikulu koma zinthu zatsopano za kwathu sizipezeka msanga, ndiye musananyamuke sonkhanitsani zanu: masilabasi ndi mabuku a MIE a phunziro lanu, mapepala akale a MANEB, NESIP, pulani ya boma ya maphunziro ya 2020 mpaka 2030, ndi ziwerengero za pasukulu panu ngati ahedi avomera, zolembetsa, osiya sukulu, zotsatira za MSCE zaka zingapo. Zijambuleni muike pa flash komanso pa imelo. Mutengenso manambala a aphunzitsi anzanu ndi a ku ofesi ya maphunziro omwe mungadzawafunse mafunso muli kunja, ndipo mufunsiretu za chilolezo chochitira kafukufuku kuno, chifukwa kuchipempha muli ku London kumachedwa.

Mukatera pa Heathrow musatenge takisi. Kwerani sitima yapansi ya Piccadilly line, imakufikitsani pa Russell Square osasintha, pafupifupi ola limodzi. Pa siteshoniyo dikirani chikepe olo pakhale mzere, masitepe ake ndi opitirira 170 ndipo inu mudzakhala ndi masutikesi awiri. Mukatuluka, Bedford Way ili mphindi zisanu wapansi. Mukasankha, mundilemberenso achemwali, ndipo ngati mwasankha London mundiuze msanga ndikulumikizeni ndi mayi wina wa kwathu yemwe amakhala chakumeneko akakuchingamireni pa eyapoti ndi jekete, poti majekete a pa kaunjika athuwa ambiri sakwanira mphepo ya Novembala.